Tsiku Limene Matsache Anatuluka M'kabati

"Kodi ababa anasiyiranji kutsekemera?"

Anafunsa funsoli ndi mzime wa a Ngolo, mtsikana amene nthawi imeneyo anali asanayambe n'sukulu yomwe. Anafunsira pampopi wa mzere wa nyumba zathu, ndipo sanafunse mayi ake. Anayang'ana Mayi Tsekani, amene anali atawerama akutsuka ndowa. Azimayi ena anafa nalo phwete. Mayi Tsekani sanaseke, komanso sanayankhe. Anangoti, "Sendera uko mwanawe, unganyowe."

Funsolo linali ndi pochokera. Ife a mumzere umenewo timagwira ntchito pafakitale ya maswiti ndi mabisiketi, m'chinyumba chosungiramo ufa wa gulukosi, chimene timangochitchula kuti kunkhokwe. Gulukosi ndi shuga ndithu, koma wosalala ngati paudala wa mwana wakhanda, ndiponso wopepuka moti thumba likagwa pansi fumbi lake limakwera n'kumayandama mpaka kudenga. Ine ntchito yanga ndi yosoka matumba ong'ambika. A Ngolo ndi onyamula, ndipo dzinalo analitenga paunyamata wawo chifukwa ankasenza matumba awiri ulendo umodzi.

Kale tikaweruka tinkafika kunyumba tili mbuu, tsitsi, nsidze ndi ovolosi yomwe. Ana ankatichingamira kumsewu. Wa a Ngolo ankakwera pamkono pa bambo ake n'kumanyambita kolala ya ovolosi, bambowo akuseka kuti, "Idya mwanangu, bambo ako ndi siwiti yoyenda."

Zimenezi zinatha atabwera Mayi Tsekani.

Anachokera kufakitale ina, sitinkadziwa iti. Abwana anawapatsa makiyi a nkhokwe, n'kuwapatsanso nyumba ya kampani yogundana khoma ndi ya a Ngolo. Analowamo ndi ana awiri komanso mayi awo okalamba, amene miyendo inali itasiya kuwamvera. Nyumba za mumzerewo lamulo lake ndi lodziwika: ntchito ikatha, nyumba yatheranso pomwepo.

Mlungu woyamba womwewo mayiwo anatolera matsache onse n'kuwakhomera m'kabati. Anachotsa paipi ya mpweya imene tinkadziuzira nayo fumbi poweruka. Matumba anawasamutsa pasimenti n'kuwasanjika pa mathandala a matabwa, motalikirana ndi khoma kuti munthu azitha kudutsa kuseri, akalekale kutsogolo, obwera kumene kumbuyo. Ufa ukatayika ankati tiukoke ndi makina okoka fumbi, amene tinawatcha Chimeza, kenako tipukute ndi nsalu yonyowa n'kuumitsa, chifukwa gulukosi akanyowa amamata komanso amaterera. Ovolosi izitsala kuntchito. Ufa wotola pansi, umene tinkatengera ana m'timapepala, uzikatayidwa mumgolo. Machesi ndi fodya zizitsala m'chitini, kukanyumba ka mlonda, tsidya la bwalo.

Dzina lawo linachokera pakamwa pawo pomwe. Kuyambira m'mawa umangomva, "Tsekani thumbalo! Tsekani chitseko, chinyezi chikulowa! Tsekani pakamwa!" Lomalizali ankanena za kansalu kotchinga mphuno ndi pakamwa, koma Wailesi, mnzathu amene salola mphindi kudutsa osayankhula, ankati amanena iyeyo.

Munthu ndi bwino kunena zimene anaona. Chifuwa chimene chinkatigwira nyengo iliyonse chinachepa. Makoswe anasamuka. Matumba ouma gwa ngati mwala, amene kale tinkachita kuwaswa ndi hamala, anasiya kupezeka. Ndipo mayiwo sankangotuma. Kumapeto kwa mlungu ankakwera okha pamakwerero, nsalu yonyowa ili m'manja, n'kumapukuta mitanda ya kudenga ndi pamwamba pa magetsi, malo amene diso silifika. Ankavala malaya aatali manja ngakhale kutentha kufike poti phula n'kusungunuka pamsewu.

Komabe ntchito inayamba kuchedwa. Chimeza ndi waulesi poyerekeza ndi tsache. Lole imene kale tinkatsitsa tisanamwe tiyi inkatifikitsa masana, woyendetsa akuliza hutala kunja. Choipa koposa n'chakuti ukafunsa chifukwa, yankho linali limodzi: "Ndi lamulo." Amuna a ndevu zawo sakonda kuyankhidwa choncho.

"Ine ndakalambira muno," a Ngolo ankatero. "Shuga wapha ndani? Mayi ameneyu akuopa chakudya cha ana."

"Mawa atiuza kuti tiziyenda chonyang'ama, shuga angadzuke," Wailesi ankawonjezera.

Nkhaniyo inafika mpaka kunyumba. Akazi a a Ngolo anasiya kubwereka sefa kwa aneba awo, n'kumakabwereka nyumba yachitatu. Moni wa m'mawa unafupika mpaka kutsala mutu wokha kugwedezeka. Kenako onyamula anagwirizana zokadandaula, ndipo anasankha a Ngolo kuti akawayankhulire, poti ndiwo anali mkulu wawo. Abwana anati adzamva mbali ya mayiwo m'mawa, ya onyamula masana, ndipo zikaoneka kuti anthuwa sangagwirire limodzi ntchito, makiyi adzapatsidwa wina. Tonse tinadziwa tanthauzo lake. Agogo aja akanayenera kunyamulidwanso kukwezedwa palole.

Tsikulo litafika, Mayi Tsekani anatsekula nkhokwe monga mwa masiku onse, anayendera mathandala, anamanga pakamwa pa thumba lina limene linagona lotsekula, n'kupita ku ofesi. Makiyi anasiyira akapitawo.

Posapita nthawi, potsitsa katundu, thumba linapulumuka pamwamba pa mulu n'kukokera linzake. Onse awiri anaphulika pansi. Ufa unamwazika kuyambira pamathandala mpaka pafupi ndi makina anga osokera.

"Kokani Chimeza," akapitawo anatero, koma mawu awo analibe mphamvu.

"Chimeza ameza zimenezi mpaka mawa," anatero a Ngolo. "Akapitawo, tipatseni kiyi ya kabati. Mayi aja akamabwera apeze muno mukuwala, abwana adzionere okha kuti ntchito timaidziwa."

Akapitawo anayang'ana ufa uja, anayang'ana lole imene inali kudikira, n'kupereka kiyi.

Matsache anatuluka ngati akaidi okhululukidwa. Wailesi anapsompsona lake. "Mkazi wanga woyamba! Anakutsekera wopanda mlandu!" Anthu anayamba kusesa mwamphamvu, mopikisana, wina akuyimba, ena akuvomera. Fumbi linadzuka. Poyamba linali ngati utsi wa ndudu, kenako linakhuthala mpaka mababu a kudenga anaoneka ngati mwezi uli m'mitambo. Kuchokera pamene ndinakhala, pafupi ndi khomo, anzanga ndinkangowamva mawu. Ena anachotsa tinsalu ta pakamwa n'kumatulutsa lilime.

"Eee, kukoma kwa kale kuja!"

Ndiye a Ngolo, posuntha thandala lina, anapeza nyerere. Zinali zitalowera pamng'alu wa khoma, mzere wakuda bii, zikulunjika kumatumba.

"Taonani alendo awa. Mayi aja amayang'ana kudenga, pansi pano osaona."

"Mankhwala ndi oletsedwa muno, ndi chakudya ichi," anatero akapitawo ali chapatali.

"Mankhwala a chiyani? Kunyumba timatani? Kungozidutsitsa lawi kamodzi, zonse phuluphulu."

Anatenga thumba lapepala lopanda kanthu, analipotokola kukhala muuni, n'kuyamba kupapasa m'matumba mwa ovolosi. Munalibe machesi. Anafunsa wina, anafunsa wina. Onse anali atasiya m'chitini, monga ankachitira m'mawa uliwonse akung'ung'udza.

"Mayi ameneyu amativutitsa ngakhale palibe," a Ngolo anatero, n'kutuluka kulowera kwa mlonda.

Ali komweko, Mayi Tsekani anatulukira kuchokera ku ofesi. Ndinawaona ataima pakhomo, fumbi likuwadutsa m'mbali ngati nthunzi. Ndinayembekezera kukuwa kwa masiku onse, koma sanakuwe. Analankhula motsitsa, ndipo mwina n'chifukwa chake aliyense anamva.

"Abale anga, gonekani matsachewo pansi pang'onopang'ono. Musaponye. Tulukani mmodzimmodzi."

Nyimbo inaduka. Wina anatambasula dzanja kuti ayatse fani yaikulu ya pakhoma ichotse fumbi. Mayiwo anamugwira pamkono.

"Swichi iliyonse isiyeni momwe ilili. Yoyaka ikhale yoyaka, yozima ikhale yozima. Tulukani."

Analowa okha m'fumbimo, akuitana aliyense ndi dzina lake, mpaka anatsimikiza kuti simunatsale munthu. Kenako anakoka chitseko chachitsulo mosamala, osachimenyetsa, n'kuchitsamira. Tinaima pabwalo tili oyera ngati zidole za m'sitolo ya zovala. Wailesi anali atatuluka ndi fosholo yodzaza ufa wosesa, akusowa poiika.

Apo ndi pamene a Ngolo anabwera, muuni wawo ukuyaka.

"Tapatukani mayi, ndikaotche nyerere."

"Aneba, zimitsani motowo."

"Lero si tsiku lanu lolamula. Masana ano tikaonana kwa abwana."

"Tikaonana, ndavomera. Makiyi mukanditengere, nyumba mukanditulutse. Koma ndi moto umenewo simudutsa pano ine ndili moyo."

"Mwamva? Ali moyo! Ngati tikukangana za mfuti. Ndi shuga uyu mayi, shuga!"

Wailesi anafuna kuthandiza mkulu wake ndi nthabwala. "Taonani mdani wathu woopsa uja," anatero, n'kuponya ufa wa pafosholo chakumgolo wa zinyalala, mokweza, kuti anthu aseke. Kamphepo kanaugwira m'mwamba n'kuukankhira kumene kunali a Ngolo.

Sindidziwa kufotokoza kwake bwino. Kunamveka kuti vuu! ndipo mpweya weniweniwo unayaka. Lawi lalikulu ngati chitseko linaima pakati pathu, lofiira, kenako panalibe. Kutentha kunandimenya kumaso ngati ndatsekula uvuni. Fosholo inagwa pasimenti. Pabwalo ponse panamveka fungo la shuga wopserera.

A Ngolo anali chiimire, pakamwa pali yasa. Ndevu za mbali imodzi zinali zitapita, nsidze imodzi yomwe, ndipo mkono umene unagwira muuni unali utafiira. Pepala lija linali pansi likuyakabe. Mayi Tsekani anasolola nsalu yonyowa imene inkakhala m'chiuno mwawo nthawi zonse, anaivundikira pamotopo n'kuponda. Anayang'ana kumunsi kwa chitseko, anaona kuti palibe chalowa. Atatero anagwira a Ngolo padzanja ngati mwana n'kupita nawo pampopi wa pabwalo.

"Wina athamangire anesi. Inu aneba, mkonowu usachoke pamadzi mpaka ndinene."

"Ndipakeni mafuta," a Ngolo anatero ndi mawu amene sindinawamvepo.

"Mafuta ayi. Madzi okha."

Kuti malaya asanyowe, mayiwo anapinda manja ake mpaka m'zigongono. Aka kanali koyamba kuona mikono yawo. Khungu lake linali lamawangamawanga, lonyezimira, lokokeka ngati pulasitiki imene inayandikira moto. Tonse tinaona, ndipo tonse tinayang'ana kumbali. A Ngolo okha ndi amene sanathe kuyang'ana kwina, chifukwa mikono imeneyo ndi imene inagwira wawo.

"Imeneyo inali fosholo imodzi, panja," mayiwo anatero maso ali pamadzi. "M'katimo muli mafosholo angati m'mwamba?"

Ngakhale Wailesi anali atazima.

"Kumene ndinachokera, denga linakatera pamsewu. Ine ndinali pafupi ndi khomo." Anatembenuza mkono wa a Ngolo pamadzipo. "Nkhokwe isatsekulidwe mpaka fumbi litakhazikika lokha. Likakhazikika, Chimeza ndi nsalu. Nyererezo tikatseka mng'aluwo ndi simenti."

Masana msonkhano unachitika monga anakonzera. Abwana anali atamva kale za motowo, ndipo nkhope yawo inali yolemera. Anali munthu wosathamangira kugamula. Anatiuza kuti m'mawa Mayi Tsekani sananene choipa cha munthu aliyense, anangopempha Chimeza wachiwiri kuti ntchito izifulumira. Kenako anatembenukira kwa a Ngolo, amene anakhala kutsogolo, mkono uli m'bandeji.

"Paja inu ndi amene mukuyankhulira anzanu. Yankhulani."

A Ngolo anaimirira. Anafuna kusisita ndevu monga ankachitira akamayamba nkhani, koma dzanja linapeza tsaya lokha.

"Bwana, ndinakonza mawu ambiri, koma apsera limodzi ndi ndevu."

Wina anatsamwa ndi kuseka, n'kudzigwira.

"Kiyi ya kabati ndinapempha ndine. Moto ndinayatsa ndine. Akanakhala kuti machesi anali m'thumba mwanga, bwenzi ndinayatsira m'katimo, ndipo bwenzi pano mukuyankhula ndi akazi athu. Chitini chija ndachitukwana kuyambira tsiku limene chinabwera. Makiyiwo asiyeni pamene ali. Ngati pali wochoka, si mayiwa."

Anakhala ngati wamaliza, koma sanakhale pansi.

"Dandaulo latsala limodzi, ndipo ili sindibweza. Ife si ana. Akanatiuza."

Abwana anayang'ana Mayi Tsekani. Iwo anali atabwezeretsa manja a malaya, mabatani ali otseka. Sanadziteteze. Anangoweramitsa mutu.

Chigamulo chinali chakuti makiyi akhale kwa mwini wake, Chimeza wachiwiri agulidwe, ndipo a Ngolo ndi akapitawo akakhale kunyumba masiku angapo akuganizira za moyo wawo. Wailesi anapatsidwa ntchito yotsuka mgolo wa zinyalala mpaka mwezi utathe, ndipo akuti anautsuka osatsekula pakamwa, zimene ine sindinazikhulupirire.

Mawa lake titaweruka, dzuwa likadali pamwamba pa madenga, ndinapeza a Ngolo atakhala pakhonde pawo, thaulo lili m'khosi. Akazi awo anali kuwameta ndevu zotsalazo kuti nkhope ifanane mbali zonse. Mzime uja anakhala pansi akuonerera, chibwano chili m'manja. Ndinaima kuti ndifunse za mkono. Nthawi yomweyo Mayi Tsekani anatuluka m'nyumba mwawo ndi ndowa, akupita kumpopi. Anagwedeza mutu monga mwa masiku onse n'kufuna kudutsa.

"Anebawa asadutse choncho," anatero akazi a a Ngolo. "Bwerani mudzaone ntchito imene munayamba. Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ine zaka zonsezi ndakhala ndikuwauza bambowa kuti amete, osamva."

"Iwe, samala khutu langa," a Ngolo anatero.

"Khutu lake liti? Limene silimva lija?"

Mayi Tsekani anaseka. Kanali koyamba kuwamva akuseka, ndipo anaseka ngati munthu amene waiwala kasekedwe, dzanja lili pakamwa. Anatula ndowa pansi.

"Mkono uli bwanji, aneba?"

"Ukunyerenyetsa. Anesi akuti madzi aja anathandiza." A Ngolo anakhosomola. "Agogo ali bwanji m'nyumbamo?"

"Ali bwino. Dzulo m'mawa anandiuza kuti ndiyambe kumanga katundu. Madzulo ndinawauza kuti timasule."

A Ngolo anayang'ana pansi. Akazi awo anapukuta lumo pathaulo, ngakhale linali loyera kale.

Mwana uja anaimirira n'kukagwira siketi ya Mayi Tsekani. "Anti, ababa akununkha ngati siwiti yopserera."

"Ndamva mwanangu." Mayi Tsekani ananjuta kuti alingane naye. "Tsiku lija unandifunsa funso pampopi, ine osakuyankha. Ufa umene unkanyambita pamalaya a ababa ako, ukachuluka m'mwamba umayaka moto. Ndiye ndinawauza kuti aziusiya kuntchito, iwowo azibwera okha. Ukufuna ababa kapena ufa?"

Mwanayo anaganiza mofatsa, mpaka mayi ake anati, "Iwe, ukuchita kuganiza?"

"Ababa," anatero pomaliza. "Koma azibweretsa bisiketi."

"Mwaona, mayi?" anatero a Ngolo. "Mwana mwamuuza mawu awiri, wamva. Ife munkatimana chiyani?"

Mayi Tsekani anaimirira pang'onopang'ono, akukonza batani la padzanja.

"Ndikayamba kufotokoza, ndimaziona. Ndimamva fungo lija. Ndiye ndinkaona kuti bola mundide, koma muzichita."

"Kudana nanu tinadana nanudi. Koma mwaona pamene zinatifikitsa. Munthu wosadziwa chifukwa amamvera pamene mwini lamulo alipo basi." Anasuntha mkono wa bandeji uja n'kuuika pabondo. "Tipangane chinthu, aneba. Inu simudzafotokozanso za kumene munachokera. Zimenezo zisiyeni. Aliyense wobwera kumene kunkhokwe muzimutumiza kwa ine. Ndizimutengera pabwalo paja, ndizimuonetsa pamene ndinaima, ndi pamene panali ndevu zanga. Chitini cha machesi ndizigwira ndine pageti m'mawa uliwonse."

"Nanga mbali yanga?"

"Mbali yanu, lamulo latsopano likabwera, muzitiuza chifukwa chake. Ngakhale mawu awiri, ngati mwauzira mwanayu."

Mayi Tsekani anatola ndowa yawo, anaiyang'ana m'kati, kenako anayang'ana a Ngolo.

"Ndizinena, aneba. Likandikanika pakamwa, ndizigogoda pakhomapa madzulo, ndikuuzeni inu, inuyo mukauze anzanu."

"Muzigogoda," anatero a Ngolo. "Khoma ndi limodzi. Ndizimva."